Mazira Ogona M'fumbi

(Nyimbo yotsegulira. Kenako phokoso la mvula padenga la malata, likuzilala pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Yakwana nthawi ija ya pulogalamu yathu ya sayansi ndi chilengedwe. Lero ndiyamba ndi kudziulula. Kuseri kwa nyumba yathu kuli dzenje limene anyamata anakumbamo dothi loumbira njerwa zaka zapitazo. Chilimwe chonse mumakhala mouma gwa, nkhuku zikusamba fumbi momwemo. Chaka chatha mvula itagwa, sabata isanathe, mwana wanga anabwera ndi madzi a m'dzenjemo m'botolo, mkatimo tinthu tikuthamangathamanga. Akuti, "Amayi, timeneti tachokera kuti? Tagwa ndi mvula?" Ine kukamwa yasa. Ndinangomuuza kuti akasambe m'manja. Ndiye lero ndaitana aphunzitsi amene aphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale kwa zaka zambiri, kuti andichotse manyazi. Aphunzitsi, takulandirani.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi, ndipo moni kwa omvera onse. Za kusamba m'manjazo munalondola. Koma funso la mwanayo si lachibwana. Kale anthu ophunzira ndithu ankakhulupirira kuti zamoyo zing'onozing'ono zimangobadwa zokha m'matope, zopanda make, zopanda bambo. Zoona zake n'zakuti tinthuto tinali m'dzenjemo chilimwe chonse. Nkhuku zanuzo zinkasamba pamwamba pa mazira.

WOULUTSA: Mazira a chiyani? Ine ndinkayesa ndi mphutsi za udzudzu kapena mbululu.

MPHUNZITSI: Zimenezonso zimakhalamo, koma izo ndi alendo. Udzudzu wa malungo umadikira madzi afike ndiye ukaikire, chule nayenso chimodzimodzi. Eni dzenje ndi ena. Ndi tizilombo ta banja limodzi ndi nkhanu, tachigoba kunja ndi timiyendo tambiri, koma tating'ono zedi. Nditchuleko titatu. Koyamba ndi kamene asayansi amati Daphnia, pamodzi ndi kachibale kake Moina. Kukula kwake ngati njere ya mpiru kapena ya chitowe. Kamasambira modumphadumpha, n'chifukwa chake ena amangoti nthata ya m'madzi, ngakhale sikaluma munthu. Kachiwiri n'kotalikirapo, masentimita amodzi kufika atatu, thupi loonekera mkati ngati galasi, ndipo kamasambira chagada, miyendo m'mwamba. Kuno kum'mwera kwa Africa mitundu yake yodziwika ndi Streptocephalus ndi Branchipodopsis. Kachitatu ndi Triops, kachishango kumsana, mchira wamphanda, maso atatu. Dzinalo m'Chigiriki likunena za maso atatuwo. Mukakaona koyamba mungayese mbululu yovala chipewa.

WOULUTSA: Tonseti timasiya mazira m'dothi madzi akamaphwa?

MPHUNZITSI: Tonse, koma mosiyana. Kanthata kaja nkhani yake imaseketsa ana asukulu. Madzi akakhala ambiri, chakudya chilipo, m'dziwe monse mumakhala tatikazi tokhatokha. Kakakazi kamabereka ana aakazi popanda mwamuna, masiku angapo alionse, anawo n'kumachitanso zomwezo. Tatimuna timaoneka zinthu zikayamba kuthina: madzi akuphwa, tapanikizana, ndere zimene timadya zikutha. Apo ndiye pamakhala kukwerana, ndipo dzira lobadwa pamenepo ndi la mtundu wina. Limakutidwa m'kachikwama kakuda, kolimba, kumsana kwa make, kawirikawiri mazira awiri m'kachikwama kamodzi. Make akafundula, kachikwamako kamamira pansi kapena kuyandama n'kukakocheza m'mphepete.

WOULUTSA: Ndiye kuti abambo amafunika pa nthawi ya mavuto pokha?

MPHUNZITSI: Musandiyambanitse ndi omvera, mayi. (Kuseka.) Tosambira chagada tija ndi Triops tilibe njira ziwirizi. Dzira lililonse limene timaikira m'thamanda ndi lodikira basi.

WOULUTSA: Chimene chikundivuta ndi dzuwa la Okutobala. Dzira la nkhuku mutalisiya pabwalo masiku awiri lavunda. Awa amapirira bwanji?

MPHUNZITSI: M'dziramo muli kale kamwana kamene kanayamba kuumbika, kenako n'kuima. Kamataya pafupifupi madzi onse a m'thupi. Mwachizolowezi chamoyo chikauma chotero maselo ake amaphwanyika, sabwereranso. Koma mazirawa amadzaza shuga wina wotchedwa trehalose, amene amalowa m'malo mwa madzi n'kuuma ngati galasi, kugwira zonse zam'kati pamalo pake. Chouma bwino sichivunda, mayi. Ndi nzeru yomweyo ya mfutso, kungoti mfutso mukauviika subwerera kukhala nkhwani wamoyo, pamene kamwanaka kamadzuka. Kupirira kwake n'koopsa. Mu 1968 wasayansi wina dzina lake Carlisle analemba za mazira a Triops ochokera m'zithaphwi za pafupi ndi Khartoum ku Sudan, kumene dothi limatentha mpaka madigiri 80. Anapeza kuti amapirira kutentha kongotsala pang'ono kufika powira madzi. Chimene chinawapha ndi kuwawiritsa kwenikweniko.

WOULUTSA: Aa, ndiye ndi mazira kapena timiyala?

MPHUNZITSI: Mpaka amatumizika papositi. Ku Norway kunali katswiri wa tizilombo ta banja la nkhanu, Georg Ossian Sars, amene ankagwira ntchito mumzinda wa Christiania, umene lero timati Oslo. Iye ankapempha anthu a maiko akutali kuti amutumizire matope ouma. Maphukusi ankafika kuchokera ku Australia, ku South Africa ndi kwina. Ankathira matopewo m'mabotolo, kuthira madzi, n'kudikira. Mu 1895 anasindikiza zimene zinatuluka m'matope a ku South Africa, zina mwa izo asayansi asanazilembepo. Tizilombo ta kuno kwathu kukaswera kudziko la chipale, iye asanaponde n'komwe padziwe pamene tinachokera.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikucheza ndi aphunzitsi za mazira a tizilombo ta m'madzi amene amagona m'fumbi chilimwe chonse. Aphunzitsi, tafika pamutu weniweni. Chimawadzutsa n'chiyani? Ine ndingoti madzi, nkhani yatha.

MPHUNZITSI: Akadakhala madzi okha, mtundu wawo ukadatha kalekale. Taganizani dzenje lanu lija kumapeto kwa Okutobala. Kwagwa chizimalupsa. Fungo lija la dothi lamveka, ana akuvina pabwalo, pansi pa dzenje patsala madzi osafika n'komwe mu akakolo. Dzira likaswa tsiku limenelo, pofika mkuja madzi aphwa, kamwana kafa kasanaikire dzira ndi limodzi lomwe. Ndipo kuswa kulibe pobwerera. Mlimi amene wabzala ndi chizimalupsa, mbewu n'kupserera, amatha kukagula ina kusitolo. Kachilomboka kalibe sitolo.

WOULUTSA: Kamafuna masiku angati kuti kakule?

MPHUNZITSI: Zimatengera mtundu. Achangu kwambiri ndi a m'timaenje ta pathanthwe. Kum'mwera chakum'mawa kwa Botswana, kufupi ndi Gaborone, kuli mapiri amiyala okhala ndi timaenje tosazama timene timasunga madzi a mvula masiku owerengeka. Luc Brendonck wa ku yunivesite ya Leuven ku Belgium ndi anzake akhala akufufuza kosambira chagada ka kumeneko, Branchipodopsis wolfi. Kameneka kamakula n'kuyamba kuikira mkati mwa sabata imodzi chiswereni. Komabe sabata ndi sabata. Mvula yochepa singasunge madzi pathanthwe lotentha masiku onsewo. Ndiye funso limene dzira liyenera kuyankha si lakuti kodi kwanyowa. Funso ndi lakuti, madzi amenewa akhalitsa?

WOULUTSA: Nanga dzira lingadziwe bwanji za mawa? Lilibe maso oonera mitambo.

MPHUNZITSI: Limalawa madzi. Apa ndiye pamene ndimakonda kwambiri pankhani yonseyi. Dziwe likamaphwa, madzi amapita kumwamba koma mchere ndi zina zosungunuka zimatsala padothi. Mwina munaonapo zoyerayera pamwamba pa matope ong'ambika kudambo. Tsono tengani supuni ya shuga muthire m'kapu ya tiyi wongofika pansi pokha, alawe mwana, akuuzani kuti watsekemera kwambiri. Supuni yomweyo m'ketulo yodzaza, sukumveka. Chimodzimodzi dziwe. Kamvula kochepa kamasungunula mchere wonse uja m'timadzi tochepa, madziwo amakhala aukali. Chimvula chodzaza dziwe chimausukulutsa. Ofufuza a m'timaenje ta pathanthwe aja anapeza kuti mazira amaswa ambiri pamene madzi ali ndi mchere wochepa, ndipo madzi a mchere wochepa ndi amene ali ambiri, amene akhalitse.

WOULUTSA: Koma kulawako, popanda lilime?

MPHUNZITSI: Palibe kuganiza kulikonse, ndi mmene madzi amayendera basi. Mukathira mchere pansomba yaiwisi madzi amatuluka, eti? Madzi amakokedwa kupita kumene kuli zosungunuka zambiri. Zimenezi anazifufuza bwino pa kachibale kena ka m'nyanja zamchere kotchedwa Artemia. Dzira likanyowa, kamwana kamayamba kusandutsa shuga uja kukhala chinthu china chotchedwa glycerol. Glycerol akamachuluka mkatimo, amakoka madzi akunja, dzira limafufuma ngati nyemba yoviika, mpaka chigoba phuli. Kunja kukakhala mchere wambiri, madzi amakanirira kunjako, kukokako kumachepa mphamvu, chigoba sichisweka msanga kapena sichisweka n'komwe.

WOULUTSA: Ndiye chizimalupsa sichingawapusitse.

MPHUNZITSI: Chimawapusitsabe ena, tibwererako. Koma mchere si mlonda yekhayo pakhomopo. Palinso kutentha. Mtundu uliwonse uli ndi malire ake. Ambiri a kuno kotentha amaswa bwino m'madzi ofunda. Kuli mitundu ina ku Ulaya ndi ku America imene imaswa m'madzi ozizira a m'nyengo yachisanu, ndipo mvula ikagwa m'nyengo yotentha mazira ake amangokhala chete ngakhale dziwe lidzaze, chifukwa madzi a nthawi imeneyo sachedwa kuuma. Dziwe limodzi likhoza kukhala ndi mazira a mitundu ingapo, uwu n'kudzuka m'mwezi uno, winawo m'mwezi wina.

Kenako kuwala. Mazira ambiri a Daphnia, a tosambira chagada, ngakhale a Artemia, saswa bwino mumdima. Chifukwa chake n'chosavuta. Dzira limene lili mumdima ndiye kuti lakwiririka m'matope, ndipo kamwana kakang'ono ngati nsonga ya singano sikangaboole matope kufika pamwamba. Pansi pamenepo mpweya wa okosijeni umasowanso, makamaka m'matope akuda onunkha aja, ndipo popanda okosijeni kamwana sikapitiriza kukula. Wasayansi wa ku California, James Clegg, anasunga mazira a Artemia m'madzi opanda okosijeni kwa zaka 4, atawapatsa mpweya ambiri anaswa. Choncho dzira lokwiririka limadikira mpaka chinachake chivundule matope. Ng'ombe yapondapo, mlamba wafukula, khasu la mlimi wa mpunga latembenuza dothi, kapena mafunde a mphepo pamadzi osazama. Likangofika poyera, nthawi yake yakwana.

WOULUTSA: Ndiye ng'ombe zikamaponda m'dambo zikudzutsa ogona.

MPHUNZITSI: Zikudzutsa ena, zikukwirira ena. Ndipo m'ziboda zimanyamula matope okhala ndi mazira kupita nawo kudziwe lina, monganso abakha a m'madzi ndi atsekwe, ngakhale kamvuluvulu wa mu Seputembala amene amanyamula fumbi. Mwina umo ndi mmene anafikira m'dzenje lanu la njerwa, limene kale kunalibe.

Chomaliza, ndipo ichi anthu amadabwa nacho, mitundu yambiri ya m'matamanda imaswa bwino dzira likayamba lauma kaye. Likakhala m'madzi omwewo amene make analiikiramo, ambiri saswa.

WOULUTSA: Bwanji? Madzi ali pomwepo, chakudya chili pomwepo.

MPHUNZITSI: Madzi a kumapeto ndi madzi oipa. Akuphwa, ndipo adzaza adani: ana a tombolombo, tizikumbu ta m'madzi, nthawi zina nsomba zimene zalowa ndi kusefukira. Tosambira chagada tilibe chodzitetezera, timasambira poyera pang'onopang'ono, ndiwo zapafupi. Chitetezo chake ndi kufika msanga, adani asanabwere. N'chifukwa chake kuswa kwambiri kumachitika masiku oyambirira dziwe litangodzaza, kenako zii. Kuuma kuja kumauza dzira kuti madzi akale atha, amene abwere ndi atsopano.

Apa ndidandauleko pang'ono monga mphunzitsi. Mabuku ambiri amene tinaphunzira ife analembedwa kumaiko ozizira. Kumeneko dzira la Daphnia limadzuka likadutsa m'nyengo yozizira ndi yamdima, masiku n'kuyamba kutalika, madzi n'kuyamba kufunda. N'zoona ndithu, koma n'zoona za kumeneko, kumene usana wa m'chilimwe chawo umatalika maola 16 kapena kuposa. Kuno usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13 chaka chonse. Kalendala yathu ndi kuuma ndi kunyowa. Ndaonapo ana akuloweza za mazira opirira chipale, pamene kuseri kwa kalasi yawo kuli chithaphwi chimene chikadawaphunzitsa bwino kuposa bukulo.

(Kanyimbo kakafupi.)

WOULUTSA: Aphunzitsi, munati chizimalupsa chimapusitsabe ena. Ndiponso mvula yeniyeni imatha kuyamba bwino kenako n'kudula, ng'amba ya mu Januwale ija. Zikatero?

MPHUNZITSI: Zikatero amene aswa amafa. Palibe chizindikiro chimene sichinama. Koma taonani chimene chimapulumutsa mtundu. Ngakhale zonse zili bwino, madzi ozuna, kutentha koyenera, kuwala kulipo, mazira saswa onse. Ena amatsala dala, tingotero. Mazira a mayi mmodzi, oikiridwa tsiku limodzi, ena amaswa ndi mvula ya chaka chino, ena ya chaka chamawa, ena mtsogolo muno. Mu 1997 Marie Simovich ndi Stacie Hathaway anayesa zimenezi ndi tosambira chagada ta m'zithaphwi za ku San Diego ku California, kumene mvula ndi yosadalirika. Atanyowetsa mazira a mtundu wina koyamba, anaswa pafupifupi 6 okha pa 100 alionse. Ataumitsa n'kunyowetsanso, ena anaswa, ndipo ngakhale kachitatu ambiri anali chigonere. Mtundu wina wa komweko unaswa ochepa kuposa pamenepo.

WOULUTSA: Agogo anga ankachita zomwezo. Mbewu ya chimanga cha makolo ankaipachika kukhitchini pamwamba pa moto, ndipo sankabzala yonse ndi mvula yoyamba. Ankati ina ndi yopachizira.

MPHUNZITSI: Ndi nzeru imodzimodziyo, ndipo mtengo wake ndi umodzimodzinso. Chaka chabwino agogo anu ankakolola mochepa kuposa mnzawo amene anabzala zonse msanga. Chaka choipa mnzawoyo ankabwera kudzapempha mbewu. Ndiye chimene asayansi amayembekezera, ndipo m'malo angapo achipezadi, n'chakuti kumene dziwe limauma kawirikawiri ana asanakule, mazira oswa nthawi imodzi amakhala ochepa. Kumene madzi ndi odalirika, ambiri amaswa kamodzi. Zotsalirazo zimaunjikana chaka ndi chaka, m'dothi mumakhala nkhokwe ya mazira, masauzande ambirimbiri pamalo ongokwana mphasa imodzi.

WOULUTSA: Nkhokwe imeneyi imasunga zaka zingati isanafumbwe?

MPHUNZITSI: Ambiri amatha zaka zingapo kapena makumi angapo. Koma alipo odabwitsa. Mu 1995 Nelson Hairston wa ku yunivesite ya Cornell ndi anzake anakumba matope a pansi pa dziwe la Bullhead Pond ku Rhode Island ku America. Matope a pansi pa dziwe amasanjikizana ngati masamba a buku, akale pansi, atsopano pamwamba, ndipo zaka zake zimayezeka. Anaswetsa mazira a kachilombo ka mtundu wa copepod amene anagona zaka zoposa 300. Mu 2014 gulu lina linalengeza kuti laswetsa mazira a Daphnia a zaka pafupifupi 700 kuchokera m'nyanja ya South Center ku Minnesota. Amenewa sanaume, anali pansi pa madzi, pozizira, pamdima, popanda mpweya. Anangosowa owavundula.

WOULUTSA: Zaka 700! Tibwere kuno kwathu, aphunzitsi. Womvera wina akhoza kunena kuti zonsezi n'zokoma kumva, koma tizilombo tosadyedwa, tosagulitsika, tikumukhudza pati?

MPHUNZITSI: Tikumukhudza m'mbale ya matemba. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina imathira, koma potulukira ndi kumwamba kokha. N'yosazama, ndipo ikamaphwa mchere umakwera. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo ambiri tikukumbukira 2018, maboti atakhala pamatope ong'ambika ku Kachulu. Nsomba, matemba, makumba ndi milamba, zimapulumukira m'madambo ndi m'mitsinje mmene mwatsala madzi. Madzi akabwerera zimaswana. Koma kamwana ka nsomba kakangotha chakudya cha m'mimba mwake kamafuna chinthu chamoyo chokwana pakamwa pake, ndipo matemba ngakhale atakula amadya kwambiri tizilombo timeneti. Pulofesa Margaret Kalk ndi anzake a ku Yunivesite ya Malawi anatsatira nyanjayi pamene inkauma mu 1968 ndi pamene inkadzazanso, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979. Mwa tizilombo tochuluka m'nyanjamo anapeza Daphnia barbata, Diaphanosoma excisum ndi Moina, tonse ta mitundu yoikira mazira odikira. Madzi atabwerera tinabwereranso. Matope amene anthu ankayendapo ndi njinga nyanjayi itauma sanali dothi wamba.

WOULUTSA: Ndiye msodzi wa pa chimbowera akudalira mazira amene sanawaonepo.

MPHUNZITSI: Ndithu. Mlimi wa nsomba m'damu nayenso. Alangizi amati mukakolola, phwetsani damu liume mpaka pansi pang'ambike, thirani laimu, thirani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi, lowetsani madzi, mudikire sabata imodzi kapena ziwiri madzi abiriwire musanaike mbewu ya nsomba. Kuumitsako cholinga chake ndi kupha adani ndi matenda, koma mazira athu aja sikuwapha. Madzi atsopano akalowa amadzuka, amapeza ndere zimene manyowa aja ameretsa, amaswana, ana a nsomba pofika apeza phala lapsa. Woika nsomba tsiku lomwelo lolowetsa madzi amazipititsa kunyumba yopanda moto.

Oswetsa milamba m'mathanki amagula mazira a Artemia m'zitini, ambiri ochokera ku Great Salt Lake ku Utah. Mukatsegula chitini mungayese mchenga wofiirira. Malangizo ake ndi mndandanda womwe uja takambirana: madzi ofunda a madigiri pafupifupi 28, nyale yoyaka, mpweya wopopera m'madzi, ndi mchere, popeza aka n'ka m'nyanja yamchere, koma mchere wocheperapo kwambiri kusiyana ndi wa kwawoko. Pakatha maola 24 aswa.

WOULUTSA: Pali chimene chingathe kuononga nkhokwe imeneyi, poti ngakhale moto wa dzuwa ikuupirira?

MPHUNZITSI: Chilipo. Kuchotsa dothi lenilenilo, monga pokumba dambo kuti tiumbe njerwa kapena kulikwirira kuti timangepo. Kutsukira mapampu opopera mankhwala a mbozi m'dziwe, chifukwa mankhwala opha tizilombo ta m'munda amaphanso achibale a nkhanu, ndipo Daphnia ndi kosachedwa kufa, mwakuti m'malabu amakagwiritsa ntchito poyeza ngati madzi ali ndi poizoni. Koma chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi mvula yonamiza. Nthawi iliyonse imene dziwe ladzaza n'kuuma ana asanaikire, nkhokwe yatapidwa popanda chobwezeramo. Kamodzi, kawiri, palibe kanthu, inakonzekera zimenezo. Koma zikamachitika chaka ndi chaka, kangapo pa dzinja limodzi, nkhokwe yotapa osathiramo tonse tikudziwa mathero ake.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma ndinalonjeza mwana wanga kuti ndibwera ndi chochita. Tingadzionere tokha zimenezi kunyumba kapena kusukulu?

MPHUNZITSI: Mosavuta, ndipo nthawi yabwino ndi dzinja lisanayambe. Pezani malo amene mumadziwa kuti chaka chilichonse mumaima madzi kwa milungu ingapo, koma mopanda nsomba. Palani dothi la pamwamba penipeni, makoko ong'ambika aja, osazama kuposa chala chopingasa. Supuni ziwiri kapena zitatu zakwana. Thirani m'botolo lagalasi lotsuka bwino, lopanda sopo. Madzi akhale a mvula amene munatchera m'ndowa yoyera. A pampopi ali ndi klorini, a pamjigo nthawi zambiri ali ndi mchere wambiri, ndipo mwamva kale chimene mchere umachita. Ngati mvula sinagwe, a pampopi omwewo muwasiye posavundikira masiku awiri klorini achoke. Botolo liikeni powala, pawindo, koma osati padzuwa loswa mtengo, mungaphike ana. Pakamwa pake mangani kansalu kuti udzudzu usaikiremo.

WOULUTSA: Kenako tidikire masiku angati?

MPHUNZITSI: Yambani kusuzumira tsiku lachiwiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi. Madzulo tengani tochi muunike cham'mbali, kumbuyo kwa botolo kuli chinthu chakuda. Muona timadontho toyera tikunjanja, tating'ono kuposa nsabwe. Pakatha sabata mudzatha kusiyanitsa todumpha ndi tosambira chagada. Botolo lina likhoza kukhala lopanda kanthu, ndiye ndi bwino kutenga dothi la malo awiri kapena atatu. Aphunzitsi anzanga akhoza kuika mabotolo atatu a dothi limodzi, lina powala, lina m'kabati mumdima, lina lothira kasupuni ka mchere, ana awerenge okha kusiyana kwake. Chenjezo limodzi: ana asalowe m'madzi oima kukafuna zimenezi. Nkhono za likodzo nazonso zimadziwa kubisala m'matope chilimwe chonse. Dothi louma likwanira, ndipo mukatha sambani m'manja ndi sopo.

WOULUTSA: Mwamva mwanangu, za kusamba m'manja zija sindinalakwe. Tikatha kuonerera, matopewo titaye?

MPHUNZITSI: Ayi, musataye. Siyani madzi aphwe okha, dothi liume gwa, likhale choncho mwezi wathunthu. Kenako thiraninso madzi a mvula. Ine ndili ndi botolo pawindo la kunyumba limene ndalinyowetsa kanayi tsopano, dothi lomwe lija la supuni zitatu, ndipo ulendo uliwonse mumatuluka kanthu. Mayi a kunyumba akufuna botololo aikemo mchere, ndiye tikukambirana.

WOULUTSA: Tikufunirani zokambirana zabwino, aphunzitsi. Omvera, amene muyese zimenezi mutilembere, mutiuze dothi munalitenga kuti, madzi anali otani, ndipo munaona chiyani tsiku liti.

(Nyimbo yotsekera.)